Bokosi limodzi, masipika awiri osiyana: mmene mungapangire sabuwufa osawotcha koyilo

Nkhani imayamba chonchi nthawi zambiri, muli ndi sipika ya 12 inch yomwe munagula kwa munthu amene anaichotsa mu galimoto, kenako pakona penapake m'nyumba pali ina ya 10 inch yotsala pa zimbale zakale zomwe ampu yake inapsa kalekale, nde maganizo amabwera oti bwanji ndingoziika mu bokosi limodzi zizigunda pamodzi. Zimatheka ndithu amwene, koma osati mmene ambiri timachitira, kuboola mabowo awiri pa thabwa, kupota mawaya pamodzi basi kwatha.

Ine ndinachitapo zimenezo nde ndikulankhula zomwe zinandionekera. Bokosi langa loyamba linali chimphanga chimodzi chachikulu, 12 inch uku 10 inch uku, mkati mulibe chotchinga chilichonse, mawaya ndinangolumikiza plus ku plus minus ku minus. Kunyumba pa volume yochepa zimamveka bho, mpaka ndinadzitama. Tsiku la chinkhoswe cha msuweni wanga ndinanyamula pa njinga monyadira, perekani-perekani itangofika pokoma anthu ayamba kuponya ndalama, ndinamva kafungo ngati vanishi wapsa, kenako kaphokoso koti krrr krrr nthawi iliyonse ng'oma ikagunda. Yaing'ono ija inali itapita, koyilo yake, waya wopota wa mkati womwe umayendetsa sipika, yakuda bii. Anamaliza mwambo ndi sipika yobwereka kwa aneba ine ndili phee kuseri kwa tenti.

Chomwe chinachitika ndi ichi. Koni ya sipika, mbale yakutsogolo yomwe imanjenjemera ija, ikabwerera mkati imapanikiza mpweya wa mu bokosi, ndipo mpweyawo umakankha chilichonse chomwe chingasunthe. Ngati masipika ndi ofanana ndendende palibe vuto chifukwa mphamvu zawo ndi chimodzimodzi. Koma 12 inch ili ndi koni ya masikweya sentimita pafupifupi 500, pamene 10 inch ndi cha m'ma 340, komanso ya mu galimoto imayenda mtunda wautali kutsogolo ndi kumbuyo, nde yaing'onoyo imangokankhidwa uku ikuyesetsanso kuimba zake. Zili ngati pa mpando wa minibasi mwakhala ndi chimunthu chonenepa, iye akapuma inu mumafinyika. Choncho lamulo ndi limodzi ndipo zonse ndilembe pansipa zikuchokera pomwepa: sipika iliyonse chipinda chake chotsekeka bwino, mpweya wake wokwanira, ntchito yake, ndipo ngati thumba lilola, channel yakenso pa ampu.

Choyamba, musanagule ngakhale thabwa, yezani masipikawo

Ikani sipika chagada pa tebulo, tambasulani zala mozungulira kachipewa kapakati kaja ndikukankha pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Iyenera kulowa ndikubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhula ngati mchenga, koyilo inapsapo kapena inapindika, imeneyo ipititseni kaye kwa okonza musataye nthawi. Onaninso mphira kapena siponji ya m'mphepete, zakale zija siponji imafumbutuka mukangoigwira.

Kenako multimeter, ikani pa ma ohm otsika kwambiri, gundanitsani kaye timawaya take tiwiri muone nambala yomwe ikuonetsa, mwina 0.4 kapena 0.5, imeneyo mudzachotsere. Sipika ya 4 ohm imaonetsa pakati pa 3 ndi 3.6, ya 8 ohm imaonetsa cha m'ma 5.5 mpaka 7, sidzaonetsa nambala yeniyeni yolembedwa ija nde musadabwe kuti akuberani. Lembani nambalayo pa maginito ndi maka. Masipika ena a mu galimoto ali ndi makoyilo awiri, mudzaona polumikizira mawaya mbali ziwiri, yezani mbali iliyonse payokha ndipo podzalumikiza onse awiri agwire ntchito, osasiya imodzi ili lende.

Plus ndi minus musakhulupirire utoto wofiira, makamaka ngati inakonzedwapo. Tengani batire la tochi la 1.5V, gunditsani kamphindi. Koni ikatulukira kunja, waya womwe uli ku mutu wa batire ndiye plus. Chongani.

Za ma watts. Chomata cholembedwa 5000W PMPO chija ndi malonda chabe, nambala yomwe imagwira ntchito ndi RMS, mphamvu yomwe sipika imapirira mosalekeza. Ngati RMS sinalembedwe yang'anani kukula kwa koyilo ndi maginito, kakoyilo kochepa ngati chala chachikulu cha kumanja sikangapirire ma watts mahandiredi ambiri ngakhale pepala linene bwanji.

Chachiwiri ndi manambala atatu omwe amalamula kukula kwa bokosi

Apa ndi pomwe ambiri timathawa koma sizovuta ngati mmene zimaonekera. Injiniya wina wa ku Australia, Neville Thiele, analemba mu 1961 njira yowerengetsera bokosi kuchokera ku khalidwe la sipika, kenako Richard Small anaiwonjezera chakumayambiriro kwa ma 1970 ali ku University of Sydney, nchifukwa chake manambalawa amatchedwa Thiele-Small. Alipo ambiri koma ife atatu akwana. Fs ndi liwu lomwe koni imanjenjemera mosavuta ili panja, limayezedwa mu Hz. Vas ndi kufewa kwa koni poyenda, imalembedwa mu malita, ikakula ndiye kuti sipikayo ndi yofewa ndipo imafuna bokosi lalikulu. Qts imanena mmene maginito akuigwirira koni, yotsika ndiye kuti yagwidwa zolimba, yokwera ndiye kuti imapitiriza kugwedezeka liwu litatha.

Njira yachidule, lembani dzina ndi nambala ya model pa intaneti, makampani ngati Pioneer, JBL, Kenwood amatulutsa manambalawa ngakhalenso malita a bokosi omwe akulangiza. Mukawapeza mwapulumuka.

Vuto ndi masipika opanda dzina omwe adzadza m'misika yathu. Awa Fs mutha kuyeza nokha. Ikani pa foni ka app kotulutsa liwu limodzi, ma tone generator alipo ambiri aulere, foni ipite ku ampu, pakati pa ampu ndi sipika ikani resistor ya 100 ohm pa waya umodzi, sipika muimangirire m'malere ndi chingwe isagunde khoma, multimeter pa AC muyeze pa sipika penipeni. Volume yochepa. Yambani pa 20 Hz kukwera pang'onopang'ono, nambala idzakwera kufika penapake kenako iyambanso kutsika, Hz ya pa foni pamene nambalayo yafika pansonga ndiye Fs yanu. Chenjezo, ka multimeter kachikasu kotchipa kaja pa AC kamayambira pa 200V, sikaona tima volt tochepa chonchi, bwerekani kwa okonza mawailesi yomwe ili ndi 2V AC.

Vas nayo mutha kuipeza ngati muli ndi bokosi lililonse lotsekeka lomwe mukudziwa malita ake. Mangani sipika pamenepo, yezaninso chimodzimodzi, nsonga ija idzakhala pa Hz yokwererapo. Gawani Hz yatsopanoyo ndi Fs, yankho lichulukitseni ndi lokha, chotsani 1, kenako chulukitsani ndi malita a bokosilo. Sizikhala ndendende koma zimayandikira mokwanira pa ntchito yathuyi.

Chachitatu, gawani ntchito, kenako werengani malita

Musazipatse zonse ntchito yofanana. Yaikulu itenge pansi penipeni, bass yogwedeza mazenera ija, kuyambira pomwe ingathe mpaka 80 Hz. Yaing'ono itenge kuyambira 80 kukafika cha m'ma 200, komwe kuli kugunda kwa pachifuwa, kick ya ng'oma ndi zala za woimba bass gitala. Amapiano mukamvetsera log drum ija, kulemera kwake kumachokera ku yaikulu koma kuthwa kwake kumachokera ku yaing'ono. Zikagawana chonchi sizilimbana, ndipo kusiyana kwawo kumasanduka phindu.

Kwa oyamba kumene ndimati zipinda zonse zikhale zotseka, zopanda paipi. Bokosi lotseka limakhululuka, mukaphonya ndi malita 5 palibe angadziwe, komanso mpweya wa mkati umaigwira koni ngati sipuling'i isapitirire malire.

Masamu ake nawa, ndigwiritsa manambala a masipika anga omwe ndinapangira bokosi lachiwiri. 12 inch: Fs 30, Qts 0.45, Vas malita 70. Cholinga ndi chakuti ikalowa mu bokosi Qts ija ikwere ifike 0.707, pamenepo bass imakhala yosalala yopanda chotupa. Gawani 0.707 ndi 0.45, mupeza 1.57. Chulukitsani ndi yokha, 2.47. Chotsani 1, yatsala 1.47. Gawani 70 ndi 1.47, malita 48. Ndipo 1.57 uja mukachulukitsa ndi Fs mupeza 47 Hz, apo ndi pomwe bass iyambe kutsika mphamvu.

10 inch: Fs 45, Qts 0.40, Vas malita 40. Njira yomweyo, 0.707 kugawa 0.40 ndi 1.77, kuchulukitsa ndi yokha 3.12, kuchotsa 1 ndi 2.12, nde 40 kugawa 2.12 ndi malita 19. Taonani chosangalatsa, 1.77 kuchulukitsa 45 ndi pafupifupi 80 Hz, kutanthauza kuti kasipika aka mwachibadwa kamayamba kufooka pa 80 pomwe tati yaikulu ilekezere. Mmene ndinkaiumiriza kuimba 40 Hz pa chinkhoswe paja ndinkangoipha dala.

Onaninso kusiyana kwa malita, 48 ndi 19. Mu chimphanga changa chija kasipika kofuna malita 19 kanali mu malita oposa 80, kopanda chokagwira.

Ngati Qts simunaipeze, 12 inch ya mu galimoto ipatseni malita pakati pa 35 ndi 50, 10 inch pakati pa 15 ndi 25, ndipo kuli bwino kukulitsa pang'ono chifukwa bokosi lalikulu mutha kulichepetsa pomatamo zidutswa za matabwa, laling'ono silikula. Mukamaliza yezani nsonga ija sipika ili mu bokosi, ya 12 inch ikagwera pakati pa 45 ndi 55 Hz muli pabwino. Amene muli ndi kompyuta ikani WinISD, ndi yaulere, mumalowetsa manambala ndikuona mzere wa bass musanadule kanthu.

Nanga paipi? Ndikudziwa ena mwayamba kale kunyinyirika kuti bokosi lopanda bowo silikunga. Zoona, la paipi limakweza bass pa ma watts omwewo, panja pa ukwati kusiyana kumamveka. Ngati mukufuna, paipi ikhale ku chipinda cha yaikulu kokha, yaing'ono ikhalebe yotseka, ndipo chipindacho chikule, ya ine ija ingafune malita 60 kapena kuposerapo. Kutalika kwa paipi sikongoganizira. Yezani kukamwa kwa paipi mkati mwake mu masentimita, chulukitsani ndi yokha, kenako ndi 23562.5. Yankho ligaweni ndi malita a chipinda, ligaweninso ndi Hz yomwe mukufuna kawiri. Pomaliza chotsani kukamwa kuja kuchulukitsa 0.732. Chitsanzo paipi ya masentimita 10 mkati, malita 60, 35 Hz: 100 kuchulukitsa 23562.5 ndi 2356250, kugawa 60, kugawa 35, kugawanso 35 tipeza 32, kuchotsa 7.3, paipi ikhale masentimita pafupifupi 25. Paipi ya PVC ya 110mm ya ma plumber ija imagwira bwino ntchito, ingoyezani mkati mwake chifukwa 110 ndi kunja. Kapaipi kochepa kamaliza mluzu ngati ketulo, musayerekeze. Kumapeto kwa paipi mkati kutalikirane ndi khoma mosachepera kukamwa kwake. Ndipo dziwani kuti pansi pa 35 Hz ija koni imakhala ngati ilibe bokosi, imangopupa, nde subsonic filter pa ampu, sefa yodula mawu otsikitsitsa, iyatsidwe cha m'ma 28 kapena 30 Hz. Ampu yanu ilibe subsonic, khalani ku bokosi lotseka basi.

Chachinayi, kujambula ndi kudula

Malita tawerengawa ndi a mpweya weniweni, nde onjezerani malo omwe maginito ndi timatabwa tolimbitsa tidye. 12 inch imadya malita pafupifupi 3, zolimbitsa 1, chipinda chikhale 52. Cha 10 inch chikhale 21. Kupeza malita, chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu za MKATI mu masentimita, gawani ndi 1000. Mukamuuza kalipentala nenani mobwereza kuti miyezo ndi yamkati, apo ayi adzayeza kunja mutaye malita 10 osadziwa.

Langa ndinapanga msinkhu 38, kuya kumbuyo 34. Chipinda chachikulu mulifupi 40, zomwe zikupereka malita 51.7. Chaching'ono pali kamsampha, mukasiya kuya 34 ndiye kuti mulifupi mukhala 16 basi, sipika ya 10 inch singalowe. Nde ndinachipatsa mulifupi 28 ndikuika khoma lina mkati kuti kuya kukhale 20, malita 21.3. Kuseri kwa khomalo kumatsala kampata ka masentimita 12, ine ndinaboola kumbuyo ndikuikamo ampu, bola pakhale potulukira kutentha.

Thabwa ndi MDF ya 18mm kapena plywood yabwino ya 18mm. MDF ndi yolemera, siilira, imadulika bwino, koma imadana ndi madzi, ikanyowa imafufuma ngati chigumu. Ngati bokosi lizizungulira m'maukwati nthawi ya dzinja plywood ndiyo yabwino, ndi yopepukanso. Chipboard ya mashelefu ija ndi ka 12mm siyani, makoma amanjenjemera ndipo mphamvu yomwe ikanakhala bass imathera pogwedeza thabwa. Shiti imodzi ya 2440 ndi 1220mm ikwana ndikutsalako.

Zidutswa zake pa thabwa la 18mm: kutsogolo ndi kumbuyo ziwiri za 73.4 ndi 41.6, pamwamba ndi pansi ziwiri za 73.4 ndi 34, m'mbali ziwiri ndi chotchinga chapakati zonse zitatu za 38 ndi 34, kakhoma kamkati 28 ndi 38. Zotsala dulani timizere ta masentimita 5 tolimbitsira, ndipo ngati chatsala chachikulu phatikizani thabwa lakutsogolo likhale lawiri, ndi lomwe limanyamula katundu yense.

Mabowo a masipika musatengere nambala ya pa intaneti, yezani sipika yanu kunsi kwa mkombero. 12 inch zambiri zimafuna cha m'ma 28, koma zimasiyana. Khomani kamsomali pakati, kathabwa kopyapyala kokhala ndi bowo la pensulo, zungulizani, dulani ndi jigsaw mkati pang'ono mwa mzere kenako palani ndi sandpaper mpaka sipika ikhale bwino. Bowo likakula masikuluu alibe pogwira, thabwa lonse latayika. Fumbi la MDF ndi loipa pachifuwa, dulirani panja mutavala chotseka pamphuno.

Chachisanu, kumanga

Chomwe chimagwira bokosi ndi guluu wa matabwa woyera uja, masikuluu ntchito yake ndi kupanikiza pamene guluu akuuma. Pakani wokwanira mpaka azituluka m'mbali. Sikuluu iliyonse iboolereni kaye kabowo ndi drill yopyapyala, MDF mukangoikhoma m'mphepete popanda kabowo imang'ambika pakati ngati buku. Talikitsani masikuluu masentimita 10 mpaka 15, ndipo musayandikire pakona kwambiri. Misomali ayi, bass imaizula pang'onopang'ono.

Yambani pansi, m'mbali, chotchinga chapakati, kakhoma kamkati, pamwamba, kumbuyo, lakutsogolo likhale lomaliza kuti manja azilowa. Mu chipinda chachikulu ikani kathabwa kolumikiza pamwamba ndi pansi, kena kolumikiza m'mbali ndi chotchinga. Gogodani ndi chala, pomwe pakulira ngati ng'oma pakufunika cholimbitsa, pakamveka ngati mwagogoda khoma la njerwa pali bwino.

Tsopano chotchinga chapakati chija ndiye mtima wa ntchito yonse, chisadutse mpweya ngakhale pang'ono. Matani silikoni m'makona onse mbali zonse ziwiri, salazani ndi chala. Waya wa chipinda china usadutse pa chotchinga, chipinda chilichonse chikhale ndi potulukira waya pake kumbuyo, ndipo pamenepo pamatidwenso. Silikoni wonunkha ngati viniga uja musiyeni tsiku lathunthu kapena awiri bokosi lili pululu musanaike masipika, mpweya wake sugwirizana ndi guluu ndi siponji za sipika.

Mkati ikanimo thonje la mu pilo lija, loyera lopepuka, magalamu pafupifupi 10 pa lita, momasuka osati kupakira ngati thumba la chimanga. Limachepetsa kulira kwa mkati komanso sipika imaona ngati bokosi lakulako. Maginito ambiri ali ndi bowo kumbuyo lopumira, thonje lisatseke pamenepo. Ngati mwaika paipi, thonje likhale lomata ku makoma kokha, kutali ndi kukamwa kwa paipi.

Pansi pa mkombero wa sipika zungulizani siponji yomata kapena kachidutswa ka chubu cha njinga, kenako mangani masikuluu modumphadumpha ngati mmene timamangira tayala la galimoto. Dzanja lina litchinge koni pomanga, screwdriver ikaterereka imaboola, zinandichitikirapo ndipo ndinatukwana ndekha.

Kuyesa ngati mpweya ukutuluka, kankhani koni ya yaikulu pang'onopang'ono uku mukuyang'ana yaing'ono. Ikangosuntha ngakhale pang'ono, chotchinga chikudontha, bwererani ndi silikoni. Kenako sewerani 25 Hz motsika ndikuyendetsa kandulo woyaka m'mizere yonse, pomwe lawi lavina pali bowo.

Chachisanu ndi chimodzi, mawaya, apa ndi pomwe maampu amafera

Tinene yaikulu ndi 4 ohm yaing'ono ndi 8 ohm. Mukalumikiza parallel, plus ku plus minus ku minus, chulukitsani 4 ndi 8 gawani ndi 12 (4 kuphatikiza 8), ampu ikuona 2.67 ohm. Maampu ambiri a mu galimoto channel imodzi imapirira 2 ohm, koma mukapanga bridge, kuphatikiza ma channel awiri kukhala imodzi, amafuna 4 kapena kuposa, nde 2.67 pa bridge ndi kutentha, ka getsi kofiira ka protect, tsiku lina utsi. Ampu ya m'nyumba yolembedwa 8 ohm ndiye musayese nkomwe. Mukalumikiza series, minus ya ina ku plus ya inzake, zikhala 12 ohm, ampu ili pa mtendere koma mphamvu yatsika kwambiri, ndipo choipa nchakuti ya 8 ohm imatenga magawo awiri pa atatu a mphamvuyo, yaing'ono yomwe ija. Komanso ma ohm a sipika amasintha ndi liwu, pa nsonga tinayeza ija amakwera kangapo, nde mu series iliyonse imasokoneza inzake. Masipika osiyana series ayi.

Njira yomwe ndimaikonda ndi ampu ya mu galimoto ya 4 channel, chifukwa ili ndi zosefera ziwiri zosiyana. Ma channel awiri akumbuyo pangani bridge apite ku 12 inch, switch pa LPF, sefa yodutsitsa mawu apansi okha, kapotokoloni pa 80. Channel imodzi yakutsogolo ipite ku 10 inch, switch pa HPF, sefa yodutsitsa mawu apamwamba okha, 80 yomweyo. Kuti yaing'ono isamaimbe mawu a oimba, ikani koyilo ya crossover ya 6.4 mH pa waya wa plus, pa 8 ohm imayamba kudula cha m'ma 200 Hz, ikakhala ya 4 ohm theka lake. Ngati mulibe masipika ena a mawu isiyeni opanda koyiloyo iziimba mpaka m'mwamba, muonjezere tweeter, kasipika ka mawu apamwamba. Amene mukugwiritsa timabodi ta ampu ta TPA3116 tija, tengani tiwiri kapena ka 2.1, pa 24V timachita bwino pa chipinda chochezera koma pa bwalo la ukwati musayembekezere zodabwitsa.

Magetsi a ampu musawapeputse. Ma watts 300 enieni pa 12V amakoka ma amp pafupifupi 40 pa ampu wamba, kawaya ka wailesi kangasungunuke. Waya wonenepa wa 8 gauge kapena 4 gauge, ndi fyuzi pafupi ndi batire, isapitirire masentimita 45. Mukafuna kudziwa mphamvu yeniyeni ya ampu onani fyuzi yake, 30A kuchulukitsa 13.8V kenako kutenga magawo 6 pa 10 ndi ma watts pafupifupi 250, kaya pachivundikiro alemba 3000. Amene muli pa sola, bass imamwa batire koopsa, ndipo batire likatsika ampu imayamba kutulutsa mawu ophwanyika omwe amatha kuwotcha koyilo.

Chomaliza ndi kuchuna

Gain, kapotokoloni ka pa ampu kogwirizanitsa ampu ndi wailesi, si volume amwene. Chotsani masipika, bass boost ziro, equalizer pakati, volume ya wailesi kapena foni pa magawo atatu mwa anayi. Sewerani 50 Hz ndipo yezani AC potulukira. Nambala yofuna ndi square root ya ma watts kuchulukitsa ma ohm, nde ngati 12 inch ndi 250 RMS pa 4 ohm, ndi 1000, root yake 31.6V, potokolani gain mpaka pamenepo kapena kutsikirako ngati ampu yanu siifika ma watts amenewo. Ya 10 inch ya 80 RMS pa 8 ohm, sewerani 150 Hz, 25V ndiye malire. Apa ka multimeter kachikasu kaja kagwira ntchito.

Mukabwezera masipika mwina mudabwa kuti yaing'ono ikumveka kuposa yaikulu. Sizachilendo, masipika a zimbale amakhala opepuka, ena amafika 94 dB, muyezo wa kukwera kwa mawu, pa watt imodzi pamene a mu galimoto ali cha m'ma 87, ndipo 3 dB iliyonse ndi ngati mwawirikiza ma watts kawiri. Tsitsani gain ya yaing'ono mpaka zilumikizane, osakweza ya yaikulu.

Kenako sewerani 80 Hz zonse zikulira, imani mamita atatu kutsogolo, wina asinthanitse plus ndi minus pa yaing'ono yokha. Mbali yomwe liwu lanenepa ndiyo yolondola, ngakhale zioneke ngati mwatembenuza, chifukwa zosefera zija zimachedwetsa liwu mosiyana. Zikakhala zosemphana pa 80 pamakhala dzenje, nyimbo imamveka pansi ndi pamwamba koma pachifuwa palibe kanthu, ndipo munthu amangokweza volume kufuna chomwe chasowacho.

Masiku oyamba iimbeni mwaulemu, sipika yomwe yakhala nthawi osagwira ntchito imafewa pakapita maola angapo ndipo bass imatsikirako. Mukaimba mokweza mphindi 20 gwirani kachipewa kapakati, kufunda pang'ono palibe vuto, kutentha kapena kafungo ka vanishi tsitsani pompo. Kunja pakani penti ya mafuta kawiri makamaka m'mphepete modulidwa momwe MDF imamwera madzi, kapena matani kapeti, pansi ikani timiyendo ta mphira lisakhudze simenti yonyowa, kutsogolo sefa yachitsulo chifukwa ana ndi zala zawo pa kachipewa kaja mukudziwa kale. Zogwirira ikani zomangira kunja osati zoboola, bokosili lopanda masipika limaposa makilo 20 likakhala la MDF. M'nyumba liyeseni pakona, makoma awiri ndi simenti zimakuonjezerani bass yaulere, likayamba kuuma mopitirira likokeni masentimita 30 kuchoka kukhoma mumvenso.